Mafunso ndi mayankho: Kodi ofufuza za zomera akusakasaka chiyani masiku ano?

Mukadutsa pa Chitedze, pa msewu wa ku Mchinji, kapena ku Bunda nthawi ya dzinja, mumaona minda yodulidwa timagawo ting'onoting'ono. Kagawo kalikonse kali ndi chikhomo ndi nambala yake, ndipo chimanga china achiveka timatumba ta pepala kumutu ngati zisoti. Odutsa amafunsana kuti anthu ophunzira chonchi akutaya nthawi ndi chiyani m'matope. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera.

Kodi munthu amene akuchita PhD ya zomera, digiri yapamwamba kwambiri ya kafukufuku, amatani tsiku lonse?

Ambiri amaganiza kuti amakhala m'kalasi kukopera zolemba. Ayi. Amasankha funso limodzi lomwe palibe adaliyankhapo bwinobwino, n'kulimbana nalo zaka zitatu, zinayi, mwina kuposa. Funsolo limakhala lopapatiza mwakuti wachibale akalimva amaseka: n'chifukwa chiyani mtundu uwu wa mapira sugwidwa ndi kaufiti pamene unzake uli pambali pomwepo ukufota?

Tengani amene akukwatitsa chimanga. Ndevu zisanatuluke, amavundikira kamwana ka chimanga ndi kathumba kuti mungu wongouluka ndi mphepo usagwerepo. Madzulo a tsiku lina amaveka ngayaye za chimanga chimene wachisankha kukhala bambo thumba la khaki. M'mawa mame akangouma amaweramitsa phesi, kugwedeza, mungu wachikasu n'kuthothokera m'thumbamo. Kenako amathamanga nawo kwa chimene wachisankha kukhala mayi, kuvundukula, kuthira pa ndevu, kutsekanso msanga, n'kulemba nambala ndi pensulo poti inki imasungunuka ndi mvula. Ulusi uliwonse wa ndevuzo ndi njere imodzi. Mungu suchedwa kufa dzuwa likakwera, choncho pofika masana munthu amakhala atachita zimenezi kambirimbiri, khosi likuyabwa, malaya ali mbuu. Madzulo ndiye amakhala pa kompyuta kulowetsa manambala.

Ine ndidaonapo mnzanga akulira ngati pamaliro chifukwa mbuzi zidapyola mpanda n'kudya mizere isanu ya nandolo wake. Kwa mwini mbuzi inali nkhani ya chipepeso chabe. Kwa iye chinali chaka chathunthu chapita, chifukwa mvula siibwerera.

Kafukufukuyu amachitikira kuti?

Boma lili ndi malo ake pansi pa nthambi yoona za kafukufuku wa ulimi: Chitedze ku Lilongwe, Bvumbwe ku Thyolo kumene kumadziwika ndi zipatso, ndiwo zamasamba ndi mbatata, Makoka ku Zomba, Lifuwu ku Salima kwa mpunga, Lunyangwa ku Mzuzu, Kasinthula ku Chikwawa ndi ena. Pali LUANAR, yomwe idachokera ku Bunda College, ndi masukulu ena aukachenjede monga Mzuzu University ndi University of Malawi. Palinso mabungwe a mayiko ambiri omwe amagwira ntchito limodzi ndi akatswiri athu: CIMMYT pa chimanga, ICRISAT pa mtedza ndi nandolo, IITA pa chinangwa ndi soya, CIP pa mbatata.

Ophunzira ambiri a PhD amalembetsa kunja koma munda wawo uli kuno. African Centre for Crop Improvement ya ku University of KwaZulu-Natal idakonza dala zimenezi: wophunzira amayamba ndi maphunziro ku Pietermaritzburg, kenako amabwerera kwawo kukafufuza pa mbewu za kwawo, m'dothi la kwawo. Nzeru imeneyi ndi yabwino. Chimanga chimene chachita bwino ku South Africa sichidziwa kanthu za dothi la mchenga la ku Kasungu.

N'chifukwa chiyani mbewu imodzi yatsopano imatenga zaka zambiri chonchi?

Chifukwa chomera sichithamangitsidwa. Kuti mupeze makolo a haibulidi, mumakwatitsa chimanga ndi mungu wake womwe mibadwo isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri, mpaka ana onse azifanana. Mbadwo uliwonse ndi nyengo yolima. Mukawapeza makolowo mumawakwatitsa, n'kuyesa ana awo m'madera osiyana: kotentha, kozizira, kwa mvula yochepa. Mbewu ikachita bwino chaka chimodzi sitinganene kanthu, mwina mvula idangoikomera. Pomaliza imapita ku komiti ya boma yovomereza njira zatsopano za ulimi, kenako ichulukitsidwe. Zaka khumi zimatha osadziwa.

Kafukufuku wambiri wa lero akulimbana ndi kufupikitsa njirayi. Ku Kiboko, m'dziko la Kenya, CIMMYT idatsegula mu 2013 malo opangira makolo a chimanga m'nyengo ziwiri zokha m'malo mwa zisanu ndi ziwiri. Njira ina ndi yodula kachidutswa ka tsamba mbewu ikadali yanthete, kukapima DNA yake, imene imasunga makhalidwe otengera kwa makolo, n'kudziwiratu ngati yatengera khalidwe lomwe likufunidwa. Zosatengera amazula pomwepo, osadikira kukolola.

Kaufiti tidamupeza ndipo akadalipo. Asayansi adalephera?

Sadathane naye, koma akumudziwa bwino tsopano, ndipo zimene apeza n'zodabwitsa.

Njere ya kaufiti ndi yaing'ono ngati fumbi. Tsinde limodzi limabereka njere zikwizikwi, ndipo zimatha kugona m'nthaka zaka zoposa khumi osamera. Sizimera ndi mvula yokha. Zimadikira uthenga. Mizu ya chimanga kapena mapira imatulutsa timadzi tina totchedwa strigolactones, ndipo njere ya kaufiti ikangotimva imadziwa kuti chakudya chafika pafupi. Imamera, kumata pa muzu, kuboola, n'kuyamba kuyamwa madzi ndi chakudya. Pamene inu mukuona timaluwa tofiira tija pamwamba, ntchito yoipa idachitika kale pansi. Amene adatcha chomerachi kaufiti adaona bwino: chimanga chimayamba kunyentchera mdani asanaonekere.

Nanga chimanga chimatulutsiranji timadzi tomwe tikuchiitanira mdani? Sichiitana kaufiti. Chimaitana mtundu wina wa nkhungu za m'nthaka zomwe zimathandiza mizu kupeza mchere wa phosphorus. Nthaka ikaguga, chimanga chimafuula kwambiri, ndipo kaufiti amamvera nawo. Apa ndi pamene sayansi idagwirizana ndi zimene agogo ankanena kalekale, kuti kaufiti amakonda munda wotopa ndipo manyowa amamuchepetsa.

Pa mfundo imeneyi pamera njira zingapo. Ina ndi yonamiza njerezo: mbewu ngati soya, mtedza ndi thonje zimachititsa kaufiti wa chimanga kumera koma sapeza pomata, ndiye amafa. N'chifukwa chake kasinthasintha wa mbewu amathandiza. Ina idachokera ku icipe, bungwe lofufuza za tizilombo ku Kenya, yobzala desmodium, chomera cha mtundu wa nyemba, pakati pa mizere ya chimanga ndi nsenjere m'mbali mwa munda. Desmodium amapondereza kaufiti. Ndipo ku Kenyatta University, Pulofesa Steven Runo ndi ophunzira ake akugwiritsa ntchito CRISPR, njira yosinthira majini (timalangizo ta m'maselo totengera kwa makolo), kusintha jini yotchedwa LGS1 mu mapira, kuti mizu izitulutsa timadzi tamtundu umene kaufiti samva bwino. Khalidwe limeneli lilipo kale mwa mapira ena achilengedwe. Iwo akungolisamutsira ku mitundu imene alimi amaikonda.

Nanga mbozi zija zidavuta kuyambira 2017?

Fall armyworm kwawo ndi ku America. Idaoneka koyamba mu Africa mu 2016, chakumadzulo, ndipo pofika Disembala 2017 boma la Malawi lidalengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pa ngozi. Vuto lake n'lakuti imabisala mkati mwa nsonga ya chimanga mmene mankhwala opopera safika bwino. Kumapeto kwa 2020 CIMMYT idalengeza mahaibulidi opirira mboziyi, osati oti siidya, koma oti ikadya amaberekabe. Ena akufufuza timavu ting'onoting'ono, monga Telenomus remus, tomwe timaikira mazira awo m'mazira a mboziyo.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti ofufuza adasiya kuseka njira za alimi. Kuthira dothi, mchenga kapena phulusa m'nsonga, ngakhale msuzi wa nsomba woitanira nyerere kuti zidye mbozi, zonsezi tsopano zimayesedwa m'timagawo ta nambala tija kuti aone mlingo wake.

Nkhani ya ombwe ikuonetsa phindu la kuyesa kotere. Alimi ena ankati masamba ake amapha tizilombo, ena ankati n'zabodza. Akatswiri a ku Kew ndi Natural Resources Institute ku Britain, pamodzi ndi anzawo a kuno, atapima masamba ochokera m'madera osiyanasiyana adapeza kuti ombwe alipo wamitundu iwiri yooneka chimodzimodzi ndi maso. Wina ali ndi mankhwala opha tizilombo, wina alibe. Onse awiri ankanena zoona, kungoti ankathyola mitengo yosiyana.

Chimanga si chimanga basi? Pali chofufuzanso pa nsima?

Chilipo, ndipo Malawi ili patsogolo pa nkhaniyi. Thupi limafuna timichere tina pang'ono chabe, monga zinc ndi selenium, ndipo chimanga chimatitenga m'nthaka. Dr Allan Chilimba, pochita PhD yake ku University of Nottingham, adatolera chimanga ndi dothi m'madera ambiri a dziko lino n'kupeza kuti chimanga chambiri chili ndi selenium wochepa kwambiri, chifukwa dothi lathu lambiri ndi la asidi ndipo limaumira mcherewu. Koma chimanga cha m'dothi lakuda la ku chigwa cha Shire chinali ndi wochuluka pafupifupi kakhumi. Kafukufuku wotsatira adayerekeza amayi a ku Mikalango ku Chikwawa ndi a ku Zombwe ku Mzimba, ndipo kusiyana komweko kudaoneka m'magazi mwawo.

Mu 2021 magazini ya Nature idasindikiza mapu a timichere ta m'mbewu za ku Malawi ndi Ethiopia, ntchito imene LUANAR idachita nawo. Tanthauzo lake n'losavuta kumva: mabanja awiri angadye nsima yofanana kukula, wina n'kupeza chimene thupi likufuna, wina ayi, malinga ndi kumene munda uli. Dziko la Finland lidathetsa vuto lomweli pothira selenium mu feteleza kuyambira 1984, ndipo njira imeneyi idayesedwanso kuno.

Paja kukonola ndi kuviika mphale kumachotsanso zinc wambiri pamodzi ndi gaga. Mgaiwa umasunga zambiri kuposa ufa woyera. Koma uzani mlendo wolemekezeka kuti mwamuphikira mgaiwa chifukwa cha sayansi, muone nkhope yake.

Mbatata yofiira mkati ija idachokera kuti?

Idachokera ku ntchito yokwatitsa mbatata kuti ikhale ndi zopangira vitamini A. Kuno kuli mitundu monga Zondeni, Kadyaubwerere, Chipika, Anaakwanire, Mathuthu ndi Kaphulira. Mu 2016 mphoto ya World Food Prize idapita kwa Maria Andrade, amene ankagwira ntchito ku Mozambique, Robert Mwanga wa ku Uganda, Jan Low ndi Howarth Bouis chifukwa cha ntchito yotere. Chovuta chinali chakuti mbatata zofiira zoyambirira zinali zamadzimadzi, pamene ife timafuna yaufa. Ntchito yaikulu idali pamenepo.

Chuku cha mu mtedza chili ndi vuto lanji? Si kungosankha wowola n'kutaya?

Kusankha kumathandiza, koma poizoni wake, aflatoxin, saoneka ndi maso ndipo kukazinga sikumuthetsa. Amawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa. Amachokera ku nkhungu ya m'nthaka yotchedwa Aspergillus flavus, yomwe imalowa mosavuta mtedza ukakumana ndi ng'amba kumapeto kwa nyengo, kapena ukapanda kuuma bwino. Chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe poswa chimaonjezera vutoli.

Njira imene IITA idabwera nayo ndi yoti nkhungu ithane ndi nkhungu inzake. Amasankha mitundu ya nkhungu yomweyo imene sipanga poizoni, kuipaka pa njere za mapira zophedwa kuti zisamere, kuzipaka mtundu wobiriwira ngati thambo kuti munthu asadye, n'kuziwaza m'munda milungu iwiri kapena itatu mbewu isanachite maluwa. Yabwinoyo imadzaza malo yoipayo isanafike. Dzina lake ndi Aflasafe.

Nthochi za ku Thyolo zidapita kuti?

Zidatha ndi chisaka, matenda a vayirasi amene amafalitsidwa ndi nsabwe za nthochi komanso ndi ife tomwe tikamagawana ana a nthochi. Masamba amathinana pamwamba, nthochi n'kupinimbira osabereka. Mankhwala palibe. Yodwala ndi yozula basi, phata lonse, ndipo apa ndi povuta, chifukwa mukazula inu mnansi wanu n'kusiya zake, nsabwe zimabwerera. Ofufuza amapanga mbande zopanda matenda m'mabotolo mu labotale, kuchokera ku kachidutswa ka nsonga.

Chinangwa chilinso ndi wake mdani, makamaka m'mbali mwa nyanja monga ku Nkhata Bay ndi Nkhotakota. Masamba angaoneke abwino ndithu, koma mukadula chinangwacho mkati muli zipsera zofiirira zouma. Banja limadziwa tsiku lokumba kuti kondowole chaka chino kulibe. Pano pali pulogalamu ya pa foni yotchedwa Nuru, ya PlantVillage, imene imayang'ana tsamba kudzera pa kamera n'kunena matenda amene ikuwaganizira.

Kodi haibulidi ndi GMO n'chimodzi?

Ayi, ndipo msokonezo umenewu wafala. Haibulidi ndi mwana wa makolo awiri a chimanga, wopezeka ndi timatumba ta khaki tija. Chifukwa chimene sabwerezedwa kubzala si choti kampani idaikamo mankhwala; zidzukulu zake zimangobalalika makhalidwe, zokolola n'kutsika.

GMO ndi pamene jini yatengedwa kwa chamoyo china n'kuikidwa mu mbewu. Tinene pano kuti majini a asayansi ndi timalangizo ta m'maselo totengera kwa makolo, si majini ogwira anthu aja. Thonje la Bt lili ndi jini ya bakiteriya wa m'nthaka imene imapha mbozi zodya thonje. Lidayamba kuyesedwa ku Bunda mu 2013 m'munda wa mpanda, ndipo patapita zaka lidaloledwa kulimidwa. Khobwe wa Bt adayesedwanso ku Bunda, ndipo Nigeria idamuvomereza mu 2019. Lamulo loyang'anira zonsezi kuno ndi la 2002, chaka cha njala chimene Zambia idakana chimanga cha GMO cha thandizo, pamene Malawi idalandira koma idati chiyambe chagayidwa.

CRISPR, imene idapezetsa Emmanuelle Charpentier ndi Jennifer Doudna mphoto ya Nobel mu 2020, ndi yosiyananso: nthawi zambiri imangosintha jini imene ili kale mu mbewuyo. Mafunso oyenera kufunsa pa zonsezi alipo, ndipo kwa ine lalikulu ndi la mtengo wa mbewu ndi mwini wake.

Mbewu za makolo zikatha, tidzazipezanso?

Ku Chitedze kuli nkhokwe ya mbewu ya dziko lino, kumene njere zouma za mawere, mapira, nzama, khobwe, chimanga cha lokolo ndi zina zimasungidwa m'mafiriji. Ku Lusaka kuli nkhokwe ya mayiko a SADC, ndipo ku Svalbard, m'phiri lozizira la dziko la Norway, kuli yosungira dziko lonse lapansi kuyambira 2008. Wokwatitsa mbewu akafuna khalidwe lopirira chilala amapita kukasaka m'nkhokwe zimenezi. Chilala cha 2024, chimene chidaika maboma 23 pa ngozi, chidakumbutsa anthu za mapira ndi mawere omwe ankawayesa chakudya cha akale.

Zonse ndi za kumunda? Nanga mitengo ndi zomera za kutchire?

Ku Zomba kuli National Herbarium and Botanic Gardens, kumene zomera zimaumitsidwa pakati pa nyuzipepala, kumatidwa pa pepala lolimba, n'kulembedwa kumene zidatengedwa ndi tsiku lake. Komweko kulinso malo ofufuza za nkhalango, FRIM.

Nkhani yowawa ndi ya mkungudza wa pa phiri la Mulanje, mtengo wa fuko lathu, umene sumera mwachilengedwe kwina kulikonse pa dziko lapansi. Kudula ndi moto zidaupulula mwakuti kalembera wa 2017 adapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Anthu a m'midzi yozungulira phirili afesa ndi kubzala mbande mazana a zikwi mothandizana ndi Mulanje Mountain Conservation Trust ndi Botanic Gardens Conservation International, koma mbande zambiri zimafa zikakwera kuphiri. Ofufuza akuyesa kumvetsa chifukwa chake: dothi, mthunzi, zomera zoyandikana nazo, nkhungu za ku mizu. Kudula kudatenga masana amodzi pa mtengo, koma kudziwa mmene umakulira kukutenga zaka.

Timamva za chimanga chodzipangira feteleza. N'zoona?

N'zimene akufuna, koma sizidafike. Zulani soya kapena mtedza muone timatuza pa mizu. Mmenemo muli mabakiteriya otenga nayitrojeni mu mpweya. Gulu la ENSA likufufuza ngati mbewu za mtundu wa chimanga zingaphunzitsidwe kuchita chimodzimodzi. Gulu lina, RIPE, ku University of Illinois, likuyesa kuti masamba azigwiritsa bwino ntchito kuwala kwa dzuwa. Ndi sayansi yozama, koma musaleke kubzala nandolo pakati pa chimanga podikira zimenezo. Msangu ndi gliricidia, imene yayesedwa ku Makoka kwa zaka zambiri, zikuthira kale chonde m'minda.

Ngati kafukufuku ndi wochuluka chonchi, bwanji kumudzi sitikuona kusintha?

Zifukwa zina ndi za ndalama: mbewu ikavomerezedwa pamafunika woichulukitsa, ndipo makampani amakonda haibulidi amene mlimi amagula chaka ndi chaka kusiyana ndi nyemba zimene amasunga yekha. Alangizi ndi ochepa. Ndalama za kafukufuku zambiri zimachokera kunja ndipo zimatha pakapita zaka zitatu kapena zisanu, chomera chisanamalize kuyankha.

Koma chifukwa china chili kwa ofufuza eni ake. Kwa zaka zambiri alimi ankakana haibulidi, akatswiri n'kumati ndi umbuli. Chonsecho haibulidi wa nthawiyo anali wofewa: mu mtondo ankaphwanyika n'kutayika ndi gaga, m'nkhokwe anankafumbwe ankamumaliza. Amayi okonola ankadziwa zimene sikelo ya ku siteshoni sinkaona. Mu 1990 kudatuluka MH17 ndi MH18, a njere zolimba ngati lokolo, ndipo alimi omwe aja adawalandira.

Phunziro limeneli lidabala njira imene Sieglinde Snapp adayambitsa kuno ku Malawi m'zaka za m'ma 1990, ya munda wa mayi ndi ana. Pakati pa mudzi pamakhala munda umodzi waukulu wokhala ndi zonse zoyesedwa, ndipo alimi ambiri amatengako ziwiri kapena zitatu kukayesa m'minda mwawo, mwa njira yawo. Lero ikugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri. Wophunzira wa PhD wanzeru masiku ano amaphikitsa nyemba zake n'kuwerenga nthawi imene zatenga kuti zipse, chifukwa nyemba yotha nkhuni siibzalidwa kawiri.

Mwana wanga akufuna ntchito imeneyi. Ayambire pati?

Alimbikire biology, chemistry ndi masamu ku sekondale, makamaka masamuwo, chifukwa theka la ntchitoyi ndi kuwerengetsa ngati kusiyana kwa timagawo tiwiri n'kwenikweni kapena kwangochitika. Akalowa ku koleji, nthawi ya tchuthi akapemphe kuthandiza pa siteshoni ya kafukufuku, ngakhale kungowerenga mapesi ndi kuyeza matumba pa sikelo. Akamaliza digiri yoyamba pamabwera ya masters, kenako PhD. Thandizo la ndalama limapezeka kudzera m'mabungwe monga RUFORUM, umene likulu lake lili ku Kampala, kapena m'mapulojekiti a aphunzitsi ake, ndipo aphunzitsiwo amakumbukira mwana amene ankafika m'munda mame asanaume. Mumugulire jombo ndi chipewa.